Tsabola wanga akungoyoyoka maluwa, thandizeni a m'dimba

Amake Mapasa (Chilenje):
Mwauka bwanji nonse pagulu pano. Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi tsabola wa kambuzi kuseri kwa nyumba kuno ku Lusaka, njere anandibweretsera apongozi kuchokera ku Chipata, wakula bwino zedi wafika m'chiuno masamba ake obiriwira mpaka kuda, koma maluwa akangotuluka mawa lake ndimawapeza ali mbwee pansi, palibe ngakhale kamodzi kamene kagwira. Lepu ndi chaina zili pambali pake zili bwinobwino tikudya. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo osajomba. Vuto ndi chani kodi?

Mdala wa Matero:
Amai tisanapite patali tiuzeni kaye, mwathirako chani? feteleza kapena manyowa

Amake Mapasa (Chilenje):
Urea atate, yemweyo ndimathira ku lepu ndimangowaza konse poti bedi ndi imodzi

Mdala wa Matero:
Ndiye vuto lili pomwepo amai. Urea ndi wa masamba. Lepu amamukonda chifukwa pa lepu chimene tifuna ndi tsamba, koma tsabola mukamupatsa urea wambiri amangokula thupi, masamba kuda bii monga mwanenamo, kubereka ayi. Siyani urea lero lomwe ku mbali ya tsabolayo. Ngati mufuna feteleza wa kusitolo ndi bwino D compound pobzala, kapena manyowa owola bwino basi. Ndipo kuthirira kawiri patsiku kwachuluka, tsabola si lepu. Lowetsani chala m'nthaka, mukapeza muli chinyontho musathire, dikirani mawa.

Aphunzitsi a Chelstone:
Ndigwirizana ndi atate a ku Matero koma ndionjezepo chimodzi, tisaiwale mwezi umene tili. Uno ndi Okutobala. Kutentha kukapitirira madigiri 32 masana mungu wa tsabola umaonongeka, duwa silitenga pathupi ndiye limangothothoka lokha ngakhale mutachita zonse bwino. Urea uja ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 aliyense, pamene D compound ali ndi 10 chabe ndipo fosifolasi ndi 20, ndiye mukaphatikiza chakudya cha masamba chochuluka chonchi ndi dzuwa la mwezi uno maluwa sangakhale. Funso langa amai, tsabolayo ali pafupi ndi mpanda wa mabuloko?

Amake Mapasa (Chilenje):
Eee aphunzitsi ali mphepete mwenimweni mwa mpanda, dzuwa lamadzulo limamenya pomwepo

Aphunzitsi a Chelstone:
Kagwireni mpandawo cha m'ma 15 koloko mumve mmene umaotchera. Mabuloko amasunga kutentha ndipo amakutulutsa mpaka usiku, mtengo supuma. Zikani timitengo tinayi mumange saka yakale pamwamba kapena kaneti ka mthunzi kuti dzuwa la masana lisamenye mwachindunji, la m'mawa lokha limukwanira pakali pano. Pansi phimbirani ndi udzu wouma. Musauzule mtengowo chonde, anthu ambiri amazula pa nthawi ngati ino kuganiza kuti mbewu ndi yoipa. Mvula ikangoyamba mu Novembala kukazizirako mudzaona maluwa akugwira.

Agogo a Kabwata:
Mwanawe mvera aphunzitsi, usazule. Kambuzi ndi wochedwa chibadwire chake. Ine wanga ali pa khomo pano zaka, nyengo yozizira amaoneka ngati wafa ndimangomudulira nthambi zouma, kukafunda aphukanso. Anthu a masiku ano mufuna mubzale lero mawa muthyole.

Mlongo wa Kanyama:
Inu muli ndi mwayi muli ndi nthaka yoti mukumbe. Kuno kwathu ukangolowetsa khasu wakumana ndi mwala, ndipo mvula ikabwera madzi amadzaza pa yadi mpaka pa khomo, chilichonse chili pansi chimawola. Ine zonse ndimabzala m'masaka a ufa aja a 25 kg ndi m'mabaketi obooka, ndimawaika pamwamba pa mabuloko. Tsabola mmodzi saka imodzi, lepu ndimaboola m'mbali mwa saka ndikulowetsa mbande m'mabowomo, saka imodzi yokha ndiwo za banja zimatuluka. Chovuta ndi madzi chifukwa timagula pa kiosiki, ndiye ndifunse, madzi ochapira zovala ndingathirire?

Ankolo a Mtendere:
Asisi madzi otsukuluzira aja omaliza alibe vuto kwenikweni pa tsabola ndi impwa, bola muthire pansi pa tsinde osati pa masamba. Koma oyamba aja a thovu lambiri ayi, ndipo ngati mwaikamo bulichi musayese n'komwe, amaotcha mizu. Sopo waufa ali ndi mchere wambiri, m'saka mcherewo ulibe kothawira umangounjikana, mudzaona nsonga za masamba zikupsa. Muzisinthanitsa ndi madzi abwino. Otsukira mpunga kapena ndiwo ndiye abwino koposa musamataye.

Nesi wa Chawama:
Pepani ndilowererepo pa nkhani ya madzi chifukwa imandikhudza mtima. Abale amene tili ku Kanyama, Chawama, George ndi makomboni ena, madzi a m'zitsime zosaya zija ndi a m'ngalande musathirire ndiwo zamasamba. Mwala wa pansi pa Lusaka uli ndi mabowo, madzi a m'zimbudzi zokumba amadutsa mosavuta kukalowa m'zitsime. Tonse tikukumbuka kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo ana anachedwa kutsegulira sukulu mu 2024. Tomato ndi tsabola anthu timadya zosaphika, ana amangothyola ndikuika m'kamwa. Madzi ochapira matewera a mwana asafike ku dimba ngakhale pang'ono. Ndipo chilichonse mwathyola tsukani ndi madzi abwino.

Mlongo wa Kanyama:
Zikomo anesi mwanena zoona, cha chitsime ine sindigwiritsa ngakhale kutsukira mbale

Mnyamata wa Bauleni:
Akuluakulu ine funso langa ndi lina. Ndinagula njere za tsabola wa habanero ku sitolo ya zaulimi m'tauni ndafesa koma palibe chimene chatuluka, pamene tomato amene ndinafesa tsiku lomwelo wamera kale ali ndi masamba. Andigulitsa zakufa kapena?

Mdala wa Matero:
Papita nthawi yaitali bwanji mwana wanga

Mnyamata wa Bauleni:
Sabata yatha ndi masiku pang'ono atate

Mdala wa Matero:
Dikira. Habanero ndi kambuzi ndi pachibale, onse amachedwa kumera, masabata awiri atatu nthawi zina mpaka anayi. Tomato samatha sabata. Chachikulu usakwirire kwambiri, kadothi kochepa chabe pamwamba kosafika sentimita imodzi, ndipo nazale isaume komanso isakhale matope. Ukathira madzi ambiri timbande timamera kenako timawola pa khosi ndikugwa tonse tsiku limodzi. Mwezi uno ndi wabwino kumeretsa chifukwa njere za tsabola zimafuna dothi lofunda, amene amafesa mu Juni kapena Julayi kuno ku Lusaka ndi amene amalira kuti njere ndi zakufa, kuzizira kuja sizimera. Uwokere akafika masamba enieni anayi kapena asanu ndi limodzi, madzulo dzuwa litapepa, kutalikirana theka la mita.

Mnyamata wa Bauleni:
Zikomo atate ndidikira. Cholinga changa ndikufuna ndidzafike pa Carolina Reaper, ndinaona pa YouTube anthu akulira nayo

Agogo a Kabwata:
Tsabola woliza anthu ngwachani mdzukulu wanga? Tsabola ndi wodyera nsima. Kambuzi ali ndi fungo, ukaika kamodzi mu kapenta nyumba yonse imadziwa kuti lero kwaphikidwa. Zowawa chabe zopanda kukoma ine ayi.

Aphunzitsi a Chelstone:
Agogo musamukhumudwitse mnyamata, kuyesa mbewu zatsopano ndi chinthu chabwino, nanga tsabola yense amene tikudyayu sanachokere ku America? anabwera ndi Apwitikizi kalekale, makolo athu nawonso anachita kuyesa. Koma mnyamata udziwe chimene ukufuna kugwira. Kuwawa kwa tsabola amayeza ndi muyeso wa Scoville, anauyambitsa Wilbur Scoville mu 1912. Green pepper ali pa 0. Habanero amene wafesayo ali pakati pa 100,000 ndi 350,000. Carolina Reaper ali pa 1.6 miliyoni, ndipo mu 2023 anapitiriridwa ndi wina wotchedwa Pepper X amene ali pafupifupi 2.7 miliyoni, onse awiri anawapanga munthu mmodzi Ed Currie wa ku South Carolina. Pa yadi pamene pali ana ang'ono ine sindingabzale zimenezo, mwana akathyola ndikutikita m'maso ndi nkhani ya kuchipatala. Yamba ndi habanero udziwe kumusamala.

Mnyamata wa Bauleni:
Ndamva aphunzitsi. Pa yadi pathu ana alipo ambiri zoona, ngakhale habaneroyo ndimuika pamwamba m'baketi

Amake Mapasa (Chilenje):
Poti tili pa nkhani ya kuwawa, aneba anga amanena kuti ukabzala green pepper pafupi ndi kambuzi naye amayamba kuwawa, ndi zoona? chifukwa ndinafuna kuika mbali inayo

Ankolo a Mtendere:
Zoona zimenezo, zinachitika kwa ine green pepper yense anawawa ana anakana ndiwo

Aphunzitsi a Chelstone:
Ankolo njere za green pepper ameneyo munagula kapena munasunga zanu za chaka chinacho?

Ankolo a Mtendere:
Ndinasunga zanga, ndimasunga nthawi zonse

Aphunzitsi a Chelstone:
Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Njuchi zikatenga mungu wa tsabola wowawa kupita nawo pa duwa la green pepper, chipatso cha chaka chimenecho sichisintha, chimakoma monga mwa masiku onse. Chimene chasintha ndi njere zili m'katimo. Mukabzala njere zimenezo mtengo wotulukawo ndi umene ubereke zowawa. Ndiye amai a ku Chilenje bzalani popanda mantha, kungoti njere za green pepper muzigula zatsopano. Amasakanizika mosavuta kwambiri ndi tsabola wautali uja wa cayenne chifukwa ndi mtundu umodzi ndi green pepper. Amene mufuna kusunga kambuzi weniweni wosasakanizika mangani kansalu kopyapyala pa nthambi imodzi maluwa asanatseguke, duwa la tsabola limatha kudzipatsa lokha mungu, zipatso za nthambi imeneyo ndiye zanu za mbewu.

Agogo a Kabwata:
Ndipo mbewu muzitenga pa tsabola amene wapsa bwinobwino pa mtengo, osati wamuwisi. Muyanike pa mthunzi, musunge mu kabotolo ndi kaphulusa pang'ono.

Mlongo wa Kanyama:
Wanga masamba akupiringizika abale, a kunsonga aja, ndipo nyerere zili piringupiringu kukwera ndi kutsika

Ankolo a Mtendere:
Tembenuzani tsamba muone kunsi kwake asisi. Mukapeza tizilombo tobiriwira kapena takuda tounjikana ndi nsabwe za m'masamba, nyererezo zimabwera kudzanyambita timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa ndipo zimaziteteza. Mukagwedeza mtengo ndikuona toyera tikuuluka ndi ntchentche zoyera. Koma mwezi wouma ngati uno choopsa kwambiri ndi akangaude ofiira, ndi tating'ono zedi simungationere patali, tsamba limachita timadontho toyera kenako limauma ndipo kunsi kumakhala kaukonde. Ine ndimasinja masamba a nimu ndikuviika usiku wonse, m'mawa kusefa ndikuikamo kasopo kochepa ka mtanda, madzulo ndikupopera kunsi kwa masamba, kunsi ndithu osati pamwamba chifukwa ndiko zimakhala. Kamodzi sikakwana, mubwereze sabata iliyonse mpaka zithe.

Mlongo wa Kanyama:
Ndaona, ndi tobiriwira tambirimbiri kunsi. Nimu ulipo kwa aneba ndikapempha

Mdala wa Matero:
Fulumirani nazo asisi chifukwa tizilombo timeneti ndi timene timanyamula matenda a vairasi kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina. Mtengo ukafika poti masamba ndi a mawangamawanga achikasu, opunduka, wapinimbira sukukula, pamenepo palibenso mankhwala, zulani mukataye kutali musaike pa manyowa. Komanso amene mumasuta fodya sambani m'manja musanagwire tomato ndi tsabola, matenda ena amachokera ku fodya.

Nesi wa Chawama:
Ndionjezeko za mankhwala a kusitolo. Botolo lililonse limalemba masiku oyenera kudikira musanathyole, werengani chonde. Lepu timathyola pafupipafupi ndiye munthu kupopera lero mkucha kuphikira ana si bwino. Ndipo mankhwala ogula otsanulira m'kabotolo kopanda pepala musagule, simudziwa chimene chili m'katimo. Ichi ndi chimodzi chimene ine ndinayambira kulima zanga pakhomo, pa msika sungadziwe kuti anapopera liti.

Amalume a Chongwe:
Moni nonse ndachedwa kulowa ndinali ku munda. Nkhani ya mankhwala anesi anena ndi yoona, makamaka pa tomato. Chibwerereni kambozi kaja ka Tuta absoluta mu 2016 alimi a tomato akupopera kwambiri chifukwa kamalowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso, mankhwala ambiri sakafika. Pa dimba la pakhomo mitengo ndi yochepa, ingoyenderani m'mawa uliwonse, tsamba limene muona lili ndi kanjira koyera m'kati thyolani mutenthe. Chinanso chimene sindinaone wina atchula, musabzale tsabola pamene mwazula tomato, impwa kapena mbatata ya kachewere, onsewa ndi banja limodzi matenda awo ndi amodzi. Mukazula tomato yang'anani mizu, mukaona yatupa timibulu ndiye kuti m'nthaka muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, pamenepo ikani chimanga kapena anyezi kaye, kapena maluwa aja a marigold. Amene muli ndi mpata pitani ku Kasisi kuno ku Chongwe, amaphunzitsa ulimi wosadalira mankhwala ndi feteleza, kupanga kompositi ndi zina.

Amake Mapasa (Chilenje):
Amalume manyowa a nkhuku ndingapeze mosavuta kwa amene amaweta mabroila pafupi pano, ndithire?

Amalume a Chongwe:
Thirani koma osati ongochoka m'khola. Aawisi amaotcha mizu ndipo nawonso ali ndi nayitrojeni wambiri, mubwerera pa vuto lomwe lija la urea. Unjikani pakona musakanize ndi udzu, masamba ouma, makoko a ndiwo, muziwaza madzi ndi kutembenuza. Poyamba mukalowetsa dzanja muluwo umatentha, ukadzazizira ndikuda, fungo la khola litatha kumangomveka fungo la dothi, ndiye apsa. Miyezi iwiri itatu. Kwa tsabola manja awiri pa phando akwana. Phulusa la pa mbaula musataye, kuwaza pang'ono mozungulira kumathandiza pa kubereka, koma pang'ono ndithu chifukwa nthaka ya mbali zambiri za Lusaka ili kale ndi laimu.

Mnyamata wa Bauleni:
Mbalame nazo zikumaliza tsabola wa amai anga wating'ono uja wofiira, kodi sizimva kuwawa?

Aphunzitsi a Chelstone:
Sizimva ngakhale pang'ono. Chimene chimawawa mu tsabola chimagwira ife ndi nyama zoyamwitsa, mbalame ayi, ndipo ndi zimene zimafalitsa njere, nchifukwa chake umapeza tsabola wamera yekha pansi pa mtengo wa mango kapena m'mbali mwa mpanda popanda wobzala. Nkhuku nazo zimajompha bwinobwino.

Ankolo a Mtendere:
Koma njovu zimamva. Kwathu ku Mambwe kufupi ndi Mfuwe anthu amatetezera minda ndi tsabola yemweyu, amasinja ndikusakaniza ndi oilo wakutha kupaka pa zingwe ndi nsanza kuzungulira munda, ena amaumba ndi ndowe za njovu ndikuyatsa usiku kuti utsi uzipita kumene zimachokera. Chitamba chija chimamva fungo kwambiri ndiye zimabwerera. Ena kumeneko amalima tsabola weniweniyo ngati mbewu yogulitsa chifukwa njovu sizidya. Ndikamaona kamtengo kanga pa yadi ndimakumbuka kumudzi.

Mlongo wa Kanyama:
Ine chimene ndimakondera tsabola ndi chakuti sanditaya. Chilala chija cha 2024 pamene a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko, malaiti akuzima tsiku lonse chifukwa madzi ku Kariba anatsika, mapampu osagwira ntchito madzi kusowa, lepu yense anauma chibwabwa chinauma, koma tsabola ndi bondwe zinapirira ndi kapu imodzi ya madzi madzulo. Kalembula nayenso anayesetsa. Kuyambira pamenepo saka iliyonse ndimaphimbira pamwamba, ngakhale ndi makatoni ong'amba ngati udzu palibe, ndipo ndimakwirira botolo la pulasitiki loboola pansi pafupi ndi tsinde kuti madzi azipita ku mizu pang'onopang'ono osati kuuma ndi dzuwa.

Amalume a Chongwe:
Njira ya botolo ndi yabwino asisi, imathandizanso kuti madzi asamasinthesinthe. Kuuma kwambiri kenako kuthira ambiri nthawi imodzi ndi kumene kumapangitsa tomato ndi green pepper kuda kumatako, anthu amathamangira kugula mankhwala poganiza kuti ndi matenda pamene vuto ndi kathiriridwe.

Amake Mapasa (Chilenje):
Ndamanga kale saka pamwamba, urea ndasiya. Manje akadzabereka wambiri ndidzasunga bwanji, poti kambuzi ndamva kuti savuta kuwola

Agogo a Kabwata:
Kambuzi ali ndi mnofu mwanawe, ukayanika wathunthu amachita nkhungu m'kati. Uzimung'amba pakati ndiye uyanike pa lichero poduka mphepo. Wating'ono wofiira uja ndiye amauma yekha osavuta, kusinja mu mtondo ndi mchere basi. Koma ine kambuzi ndimakonda wa m'botolo. Kutsuka, kupukuta aume madzi onse, kudula, kukazinga pang'ono mu saladi (mafuta ophikira) ndi adyo ndi anyezi ndi mchere, kuthirako viniga kapena madzi a mandimu, kuika mu botolo lowiritsa. Supuni yolowa m'menemo ikhale youma nthawi zonse.

Nesi wa Chawama:
Agogo ndionjezepo pang'ono, wa mafuta ndi adyo ameneyo azikhala mu filiji ndipo mupange wochepa woti athe msanga, adyo wokhala m'mafuta pa malo otentha amatha kubala poizoni woopsa osaonetsa chizindikiro chilichonse. Ngati malaiti akuvuta ndi bwino wouma kapena wa mu viniga yekhayekha. Podula valani magolovesi kapena pulasitiki m'manja, chowawa chambiri chili pa kanthu koyera kaja kamene kamagwira njere m'kati. M'kamwa mukapsa imwani mkaka kapena mabisi, madzi sachotsa. M'maso mukalowa tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi ndithu, musatikite.

Agogo a Kabwata:
Chabwino anesi, wa viniga ndiye ndiziwaphunzitsa ana. Ine filiji ndili nayo.

Mnyamata wa Bauleni:
Atate a ku Matero, akadzamera ndidzadule nsonga kuti achite nthambi? ena pa YouTube amatero

Mdala wa Matero:
Habanero ndi kambuzi amachita nthambi okha, usadule umangomuchedwetsa. Chimene ine ndimachita ndi kuthothola maluwa oyamba ngati mtengo ukadali waung'ono, kuti uyambe walimba.

Amalume a Chongwe:
Apa ndisiyana nanu pang'ono achimwene. Wautali uja wa cayenne ine ndimadula nsonga akafika chikhatho ndi theka, amachita nthambi zambiri ndipo sagwa ndi mphepo ya mvula yoyamba. Pa habanero ndivomera asiye. Mnyamata ngati zimera zambiri dula ziwiri zina usiye, uone wekha pa nthaka yako ya ku Bauleni.

Mlongo wa Kanyama:
Amene muli ndi mbande za impwa zotsala mundiuze abale, masaka awiri ali chabe ndipo ndifuna ndiwokere mvula isanayambe. Loweruka ndikhala ku msika wa Soweto m'mawa ndikhoza kutengera komweko.

Ankolo a Mtendere:
Ndili nazo asisi, zoyera zija zazing'ono. Mubwere ndi kabaketi ndizizule ndi dothi lake.